Mkazi mnzanga anali nambala

Akazi ena amalimbirana mwamuna ndi munthu wamoyo, woti akakupsetsa mtima ukhoza kupita kukamulalatira pakhomo pake, mtima n'kukhala pansi. Ine mwayi umenewo sindinaupeze. Mkazi mnzanga anali nambala, 10,403, yolembedwa ndi bolopeni yabuluu pakapepala kochepa ngati tikiti ya basi, ndipo ndinakhala naye nyumba imodzi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Amuna anga anali mmisiri woyala matailosi. Anthu ankawatchula kuti a Levulo, dzina la chida choonera ngati pansi palingana, chifukwa sankakhulupirira diso la munthu, ngakhale lawo lomwe. Tikapita kukacheza kwa eni ake, iwo asanamalize n'komwe moni ankayamba kugogoda pansi ndi chidendene, khutu lili tcheru. Tailosi yoyalidwa mwaulesi, yomwe simenti sinakwanire pansi pake, imalira ngati chitini chopanda kanthu, ndipo iwo akaimva nkhope inkagwa ngati amva uthenga wa maliro. Ndinkachita kuwatsina kuti asanene. Lamulo lawo lalikulu pantchito linali limodzi: umayambira kungodya yakutali, n'kumabwerera cham'mbuyo mpaka kukatulukira pakhomo, kuti usaponde zimene wayala kale. Munthu woyambira pakhomo iwo ankamuwerengera m'gulu la nkhuku.

Tinadziwana chifukwa cha mawondo. Ine ndimasoka zovala pakhonde la sitolo yogulitsa simenti ndi penti, ndipo iwo mwezi ndi mwezi ankabwera ndi thalauza lobooka m'mawondo, poti ntchito yawo ndi yogwada. Tsiku lina ndikupisa m'matumba, monga ndimachitira ndisanaike chovala pamakina, ndinapeza kapepala kokutidwa m'pulasitiki. Ndinakaponya m'katoni ya zidutswa. Pasanathe ola bambo aja anatulukira ali thukuta kamukamu, simenti ili m'manja, n'kuyamba kuvundukula zidutswa zanga osapempha. Atakapeza anakhala pansi pomwepo, pakhonde la eni. Ndinawafunsa ngati inali nambala ya lotale. Anayankha kuti anali akazi awo.

Nkhani yake anandiuza pang'onopang'ono, thalauza ndi thalauza. Akazi awo oyamba anamwalira chaka cha mliri wa kolera, iwo ali kutali kukayala hotela ina, ulendo wa masiku awiri. Malemuwo anadwala m'mawa, pofika madzulo anali atapita. Maliro a mliri sankaperekedwa kwa abale. Azaumoyo ankakulunga thupi n'kukaliika tsiku lomwelo kumanda aakulu a mumzinda, kugawo loikako anthu osowa abale, kumene kulibe miyala kapena maina, kungoti kachitsulo ka nambala pamtumbira uliwonse. Iwo atafika anapeza mwana wawo wamkazi wa zaka zinayi ali kwa aneba, ndipo mayi wa panyumbapo anawapatsa kapepala kaja.

Koma kachitsulo ka 10,403 sikanakhomedwepo. Tizitsulo tinatha mliri uli mkati, ndipo takale tomwe tinalipo anakazula ogulitsa zitsulo zakutha. Buku la kaundula linanyowa denga la ofesi litadontha, masamba n'kumatirirana kukhala njerwa. Kalaliki anangowauza kuti manambala amayenda mzere ndi mzere kuyambira pangodya, iwo n'kugwedeza mutu ngati munthu amene wamva zonse. Kenako gawolo analitseka zaka zitatu poopa matenda. Pomalitsegula udzu unali wobisa munthu, ndipo atautentha panaoneka bwalo lalikulu la mitumbira yofanana, masauzande, yopanda chizindikiro ngakhale chimodzi.

Zaka zitatu zodikirazo analibe manda, anali ndi nambala basi. Tsono mmisiri wa matailosi ukamupatsa nambala, iye amaona chipinda: mizere ingati, mumzere uliwonse zingati. Anayamba kuiyala nambalayo kuseri kwa makatoni ndi pensulo yawo yaukalipentala. Ataiyala ziwiriziwiri inatsala imodzi. Zitatuzitatu, zinatsala ziwiri. Zisanuzisanu, zitatu. Pa 7 inatsalanso imodzi, pa 11 zisanu ndi zitatu, pa 13 zitatu. Anapita nayo choncho mpaka pa 100, ndipo paliponse pankatsala kanthu kosowa poikidwa. Pa 100 anaika pensulo pansi n'kugamula kuti nambalayi ndi yosagawika, ilibe chipinda chomwe ingakwanemo. Ankanena zimenezi monyadira. Ankati yatengera mwini wake, chifukwa malemuwo akakana chinthu ankakaniratu.

Ine ndinalowa m'banjamo ndikudziwa zonsezi, choncho sindinganene kuti anandinamiza. Ndinkaganiza kuti kapepala sikangapikisane ndi mkazi wophika, wochapa, wotentha m'bulangete. Ndinadzinamiza ndekha. Lamlungu lililonse, dzuwa likangokwera pang'ono, ankanyamula chikwama: chingwe, hamala, fulasiki ya tiyi, nsapato zakale ndi kabuku. Ankabwerako madzulo atada ndi phulusa la udzu, n'kukhala patebulo kugawa nambala. Ukawafunsa ngati adye, ankayankha kuti kwatsala 17.

Ndinawaperekezako kawiri kokha, ndipo kachiwiriko ndinalumbira kuti sindidzabwererako. Geti la gawolo lili pangodya, pafupi ndi msewu. Pagetipo pamakhala mlonda wokalamba, ndipo amuna anga ankangomukwezera chipewa osaima. Tinkadula bwalo lonse mpaka kungodya yakutali kwenikweni, kumunsi, kumene phokoso la magalimoto silifika. Kumeneko anakhoma chikhomo chachitsulo pamalo athyathyathya pangodya penipeni. Ankati pamenepo ndiye pa nambala 1, kungoti mvula inasalaza mtumbira wake. Pambali pake panali mtumbira wautali bwino, ndipo umenewo ndiwo unali mpando wawo. Ankaugogoda ndi chala n'kunena kuti, "Pepani achimwene, tabweranso, tikhaleko pang'ono." Ndinawauza kuti munthu wamoyo sakhalira mnzake pamimba, koma iwo anati achimwenewo ndi nambala 2, munthu wakalekale, anazolowerana. Ankasinthira nsapato pamenepo, kumwera tiyi pamenepo, kenako n'kumanga chingwe pachikhomo n'kuyamba: "Umodzi. Iwiri. Itatu." Akamaliza ankabwerera pampando pawo n'kumafotokozera achimwenewo zomwe apeza, mokweza, ngati akupereka lipoti kwa kapitawo.

Vuto linali loti mizere sinkagwirizana. Mitumbira ina inali itaphwa, ina itagwirana, ndiye mzere uwu ankapeza 97, winawo 99, sabata yotsatira mzere womwewo 98. Iwo ankakhulupirira kuti munthu wanzeru aliyense amaika 100 pamzere. Koma 10,403 ukaiyala mahandiredi imakafika mumzere wa 105, malo achitatu, ndipo bwalolo mizere yake sinkafika pamenepo. Akatambasula chingwe, malowo ankagwera kunja kwa mpanda, pamsewu, pomwe maminibasi amaimikira. Zaka zingapo ankadutsa pasiteji imeneyo chonyang'ama. Tsiku lina ndinawaona akukankha munthu wogulitsa nthochi kuti asunthe dengu lake, ndipo ndinachita manyazi mpaka kunamizira kuti sindikuwadziwa.

Ndisabise, ndinkadana nayo nambalayo. Ndinkaiona paliponse: kuseri kwa kalendala, pachivundikiro cha buku la nyimbo, ngakhale papepala lomwe ndinadulira kolala ya kasitomala. Tsiku lina nditapsa mtima ndinawauza kuti mwina nanenso ndife kaye kuti andiwerengeko. Anangopinda kapepala kawo n'kutuluka, ndipo ine ndinatsala ndikulira ndi mkwiyo, chifukwa ukamenyana ndi wakufa umaoneka woipa ndiwe.

Amene anaiswa nambalayo ndi mwana. Ndimati mwana wanga, poti ndinamupeza ali ndi zaka zisanu ndi zitatu ndipo nsabwe zake ndinazipha ndine. Ali Fomu 2 anaphunzira za manambala osagawika, aja amangogawika ndi 1 ndi iwo eni. Bambo ake anamuuza monyada kuti ya amayi ake ndi imodzi mwa amenewo. Mtsikanayo anatenga makina ake owerengetsera masamu n'kufunsa kuti analekezera pati. Atamva kuti pa 100, anadina kawiri katatu, n'kuwauza kuti:

"Ababa, mukanangopita patsogolo kamodzi. Ndi 101 kuchulukitsa ndi 103. Sipatsala kanthu."

Ndinali ndikusita, ndipo ndinayembekezera kuti akalipa. M'malomwake anatenga pensulo n'kuchulukitsa okha, kawiri, milomo ikuyenda. Zaka khumi ndi chimodzi anakhala akunena kuti nambalayo ilibe chipinda, pomwe iwo anaima pakhomo pake penipeni n'kubwerera. Mwana anafotokoza kuti 101 ndi 103 onsewo ndi osagawika, ndipo ndi oyandikana, pakati pawo pali nambala imodzi yokha. Anati aphunzitsi amawatchula kuti mapasa. Bambo ake mapasawo analibe nawo ntchito. Diso lawo linagwera pa ya pakatiyo. Analemba 102, pansi pake 102, n'kuchulukitsa. Inatuluka 10,404.

"Chipinda chofanana mbali zonse," anatero. "Chasowa tailosi imodzi."

Ndiyenera kufotokoza kuti kwa mmisiri wa ntchito imeneyi palibe tsoka loposa limenelo. Wayala chipinda chonse, wafika pangodya yomaliza, katoni yatha, ndipo kusitolo akuti mtundu umenewo anasiya kubweretsa. Chaka chimenecho n'chomwe tinkamaliza kanyumba kathu. Pabalaza anayala matailosi oyera, osalala moti alendo ankavula nsapato tisanawauze, koma pangodya ina anasiya bowo la tailosi imodzi, simenti ili poyera. Tailosiyo inalipo. Anaikulunga m'nyuzipepala n'kuiika pamwamba pa wadiropu, ati adzaiyala tsiku lomwe adzapeze manda. Ndinaikapo mphika wa maluwa, iwo anachotsa. Ndinaikapo sipikala ya wailesi, anachotsanso. Potsiriza ndinangozolowera kusesa fumbi m'bowomo, ndipo alendo akafunsa ndinkati nyumba ya mmisiri ndi momwe imakhalira.

Kuyambira pamenepo anasiya kuwerenga ndi maso, n'kuyamba kuyeza ndi tepi, kuwerengera ndi mitumbira yophwa yomwe. Mizere inayamba kutuluka 101, 102, nthawi zina 103. Nkhope yawo inawala ngati ya mnyamata. Ngati mzere uli ndi 103, ndiye kuti malemuwo ali kumapeto kwa mzere wa 101. Ngati uli ndi 102, ali mumzere wa 102, wachiwiri kuchokera kumapeto. Ngati uli ndi 101, ali kumapeto kwa mzere wa 103, kamzere kokayikitsa kogundana ndi mpanda. Malo atatu onsewa anali pamodzimodzi, pafupi ndi geti, ndipo mitumbira ya pamenepo inkaoneka yatsopanoko kuposa yakumunsi. Kwa iwo umenewo unali umboni wokwanira.

Tsono anakhala ndi manda atatu. Ankalambula onse, kuzulira udzu onse, kuika maluwa ofanana pa onse kuti pasakhale wodandaula. Ine ndinkati ndinayamba ndi mkazi mnzanga mmodzi, pano ndili nawo atatu. Koma a Levulo sakanagona ndi yankho la mwina. Ankafuna amodzi, oti adzawayalire matailosi ndi manja awo, ndi kuuza mwana kuti amayi ako ndi awa. Choncho Lamlungu lililonse ankapitabe kungodya yakutali, kupepesa achimwene, kumanga chingwe, n'kuyambanso. Ndinawauza kangapo kuti afunse anthu akumandako. Ankati anthu amaiwala, tepi siiwala.

Chakudza sichiimba ng'oma. Chaka chathachi anagwa ali pantchito, atagwada m'bafa la eni. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Dzanja lamanja ndi mwendo zinafa, pakamwa panapotoka, ndipo mawu ambiri anawathawa. Dzina langa linapita, la mwana linapita. Nambala inatsala. Ankakhala pampando pabalaza, maso ali pabowo lija, n'kumaitchula pang'onopang'ono ngati akuitana munthu ali chipinda china. Adokotala anatiuza mosabisa kuti mtima wawo watopa, tisayembekezere zaka. Apa m'pamene nsanje yanga inasanduka mantha. Ndinaona kuti bambowa afa asanawapeze akazi awo, ndipo ine nditsala ndi bowo, kapepala ndi manda atatu a mwina.

Lamlungu lachitatu anayamba kuloza chikwama ndi dzanja lamanzere, akulira ngati mwana. Ndinamva. Ndinatenga tsache ndi khasu, ndikung'ung'udza njira yonse, n'kupita kukalambula.

Ine pakamwa panga sipakhala chete, ndipo ndi chinthu chomwe amuna anga ankadandaula nacho kuyambira tsiku la ukwati. Nditafika pageti ndinapereka moni kwa mlonda uja, ndinamufunsa za mwendo wake wotupa, ndinamuuza mankhwala omwe anathandiza malemu amayi anga, mpaka iye anakoka benchi. Atandiona ndikulowera ku manda atatu aja anafunsa za bambo a chingwe. Anati zaka zonsezi ankawayesa munthu wotumidwa kudzayeza malo kuti agulitsidwe, n'chifukwa chake ankawapewa. Ndinaseka, n'kumuuza kuti ayi, ankafuna akazi awo, a chaka cha kolera, nambala 10,403, ndipo ali pa amodzi mwa atatuwa.

Mkuluyo analoza manda atatu aja.

"Mayi, apa pageti ndi poyambira. Awa mukulambulawa ndi anthu oyambirira, ine ndisanayambe n'komwe ntchito. Uyu wapakatiyu ndi nambala 2."

Ndinamuuza kuti walakwitsa, nambala 2 ili kumunsi, ndikuidziwa bwino, amuna anga amakhalapo. Munthu amayambira kutali n'kumabwera chakukhomo.

"Amayambira kutali ndani? Munanyamulapo maliro inu? Mtembo umalemera. Umaika pafupi, mawa pafupi pakadzadza umasunthira patsogolo. Ine ndisanakhale mlonda ndinali wokumba, zaka khumi ndi ziwiri, ndipo chaka cha kolera ndinali momwemo."

Ndinakhala pabenchi paja. Iye anapitiriza mosafulumira, ngati akunena za mitengo ya feteleza. Mitumbira ya pageti inkaoneka yatsopano chifukwa ankaiunjikira dothi chaka ndi chaka, poti ndi yomwe mabwana amaona akabwera. Mzere uliwonse unali wa 102, ndipo mizere inalinso 102, kapitawo wawo anachita kukhoma zikhomo bwalo lisanatsegulidwe. Tsiku lomaliza ankalikumbukira bwino. Anaika munthu mmodzi m'mawa, kumunsi kwenikweni, n'kutsala malo amodzi okha pangodya. Iye anayamba kukumba dzenje lomalizalo, lafika m'chiuno, kunabwera uthenga woti gawolo latsekedwa. Analikwirira lopanda munthu, n'chifukwa chake pamenepo palibe mtumbira. Ndinamufunsa ngati wa m'mawayo anali mkazi. Anati sakudziwa, onse ankabwera atakulungidwa, koma ngati pepala likuti 10,403, palibenso wina.

Ndinayenda ndekha mpaka kumunsi. Kunali zii, dzuwa lili paliwombo. Chikhomo chinali pomwepo, chadzimbiri, kachidutswa ka chingwe kakulendewera. Pambali pake panali mtumbira uja, ndipo pamwamba pake panali polowa, posalala, pomwe munthu mmodzi anakhalapo Lamlungu lililonse kwa zaka pafupifupi makumi awiri. Ndinaima pamenepo ndi tsache langa, osadziwa kuti ndiwapatse moni wotani. Potsiriza ndinangoti, "Ndine uja ndinalera mwana wanu," n'kuyamba kusesa.

Masiku atatu sindinawauze amuna anga. Akuluakulu amati safunsa anadya phula, koma mwambi umakoma ukamanena za munthu wakutali, osati amene ukumupukuta dovu. Bambowa moyo wawo wonse sanayalepo chipinda chokhota. Ndiwauze bwanji kuti chipinda chimodzi chomwe chinali chofunika anachiyambira kolakwika, ndipo yankho linali pabenchi, akulikwezera chipewa? Ndinaopa kuti ndiwapha ndi pakamwa pangapa. Ndinaganizanso zongosankha amodzi mwa atatu aja, n'kunama kuti buku lapezeka. Ndinaitana mwana, yemwe pano ndi mayi wa ana awiri, n'kumufotokozera kukhitchini. Analira mwakachetechete, kenako anati bambo ake sanapemphepo kutonthozedwa, anapempha malo. Anatinso iyeyo akufuna kukawaona amayi ake bambo ake ali moyo.

Tinabwereka njinga ya odwala n'kupita Lamlungu lotsatira. Titalowa pageti anayamba kuloza manda awo atatu, koma ine ndinakankha njinga kupitirira. Anakwiya, akumenya chogwirira ndi dzanja lamoyo lija. Njira yakumunsi ndi yokumbikakumbika, moti tinachita kunyamula njingayo malo ena, ine, mwana ndi mlonda yemwe ankatitsatira akutsimphina. Titafika pachikhomo anakhala bata. Anayang'ana mpando wawo, ndipo pakamwa popotoka paja panatuluka mawu omwe sindinkadziwa kuti akadali nawo: "Achimwene."

Ndinagwada kuti tilingane, n'kuwauza zonse monga mlonda ananenera, osachotsa kapena kuwonjeza. Okumba amayambira pageti. Mzere ndi wa 102. Pangodya palibe munthu. Ndinawauza kuti masamu awo onse anali olondola, palibe pomwe anaphonya ngakhale pamodzi, kungoti bwalolo analigwira chadodolido.

Sanandiyang'ane. Ndinaona milomo ikuyenda, ndipo ndinadziwa kuti sakundikhulupirira ine, akuchulukitsa. Anatembenuza mutu kuyang'ana kugeti, kutali, n'kuubweza pang'onopang'ono mzere ndi mzere mpaka pamapazi awo. Kenako anakweza chala. Analoza pachikhomo, koma ulendo uno sanati umodzi. Anasunthira pamtumbira, pomwe nthawi zonse ankati iwiri.

"Kodi ndi inu?" anatero.

Mwana anagwa pamtumbirapo chafufumimba. Ine ndinadzuka n'kupita kukaima kumpanda, nditawafulatira, chifukwa zomwe mwamuna amauza mkazi wake patapita zaka makumi awiri ndi zitatu si zoti mkazi wina azimve. Ndinkangomva mawu osamveka bwino, aatali, ofanana ndi malipoti aja ankapereka akamaliza kuyeza. Ndinalira, ndipo sindinama kuti inali misozi ya chisoni chokha. Zaka zonse ndinkadzitonthoza kuti mnzangayo ndi pepala chabe, pomwe iwo Lamlungu lililonse ankamwa naye tiyi.

Nditabwerera anandigwira mkono. Analoza pamalo athyathyathya paja, kenako pachifuwa pawo, n'kundiyang'ana ngati mwana wopempha chinthu chomwe akudziwa kuti si chake. Ndinamvetsa msanga kuposa momwe ndikanafunira. Bwalolo linali ndi malo a munthu mmodzi, osati awiri. Ndinawauza kuti ndamva, ndipo asiye kundiyang'ana choncho.

Anakhala miyezi inayi, n'kutisiya. Kuofesi anati gawo lija ndi lotseka, saikamonso munthu. Ndinapitako masiku atatu otsatizana, kukhala pabenchi kuyambira m'mawa, kufotokozera aliyense wolowa ndi wotuluka nkhani yonse kuyambira pa thalauza lobooka, mpaka bwana wawo anasaina kuti ndichoke. Okumba anati dothi la pangodyapo linali lofewa mpaka m'chiuno. Pakapepala komwe anandipatsa analemba 10,404.

Pano Lamlungu ndimapita ndine. Ndimalambula awiri akumunsi, kenako atatu a pageti, chifukwa anazolowera, ndipo si mlandu wawo kuti sanali amene tinkawafuna. Ndinamufunsa mwana za 10,405, yomwe ikanakhala yanga, kuti ndi nambala yotani. Anati imeneyo siivuta, imagawika ndi 5 pompo. Ndinati ndinadziwa.

Tailosi ija ndinaitsitsa pawadiropu mwezi watha. Ndinakanda simenti m'beseni lochapira, ndinagwada, n'kuiyala ndekha monga ndinkawaonera. Inalowa bwinobwino, ndipo mlendo sangadziwe kuti panali bowo. Koma simenti ndiyenera kuti ndinaichepetsa. Ndikamasesa masana, m'nyumba muli ine ndekha, tsache likangoigunda imalira ngati pansi pake palibe kanthu, ndipo ndimaima kudikira kuti wina anene.